Mzere wa Bambo pa Fomu ya Ilenia

Galdino anaima pagalasi la m'mbali mwa galimoto, lezala lili m'manja, thovu la sopo lili mbuu kukamwa, koma dzanja linkachita mphwayi. Ndevu za pamlomozo anali atazisunga zaka makumi atatu, ndipo ankazipesa m'mawa uliwonse asanalawe n'komwe khofi.

"Alamu, nthawi ikutha," anatero Doriana, mkazi wa mng'ono wake, atakumbatira chikwama cha mapepala pachifuwa. "Ku ofesi atsegula kale."

"Musandithamangitse, mlamu. Munthu akutsanzikana ndi abale ake apa."

"Zidzameranso."

"Zidzamera zoyera. Zakuda ndi zomwezi basi."

Anapumira m'mwamba, n'kupala. Pamene panali ndevu panatsala kamzere koyera, ngati pakhoma pamene achotsapo kalendala. Ilenia, mwana wa Doriana wa zaka khumi ndi chimodzi, anawayang'ana ankolo akewo n'kufa nako kuseka. Chiyambire sabata imeneyo anali asanasekepo.

"Bwanji, ndikufanana ndi bambo ako tsopano?" anafunsa Galdino.

"Mukufanana ndi nkhuku yososola, ankolo."

Ife oyenda ndi akatungwe, chaka chathu chimayamba mu Malichi n'kutha mu Novembala. Kumene kuli chikondwerero cha woyera mtima, ife tili komweko. Timamanga, timazungulitsa ana a eni ake, timaphwasula, n'kulowera kwina. Ana athu amalowa sukulu ya kumene taima, pano sabata imodzi, apo masabata awiri, atanyamula kope limene sukulu iliyonse imadindamo chidindo chake. Kope la Ilenia linali ndi zidindo khumi ndi zinayi za chaka chimodzi chokha. Za mafumu a ku Iguputo ndi manda awo anaziphunzira kasanu, poti sukulu zisanu zinali pamutu womwewo iye akufika. Koma masamu ogawa sanakumane nawo ngakhale kamodzi. Kwina anali asanafikepo, kwina anali atadutsapo kale. Mapeto ake kalasi yachitatu anaibwereza.

Doriana zinamuwawa. Mu Seputembala anangoti basi, mwanayu ndizimuphunzitsa ndekha m'kalavani, m'nyumba yathu yoyendayi, zinthu ziziyenda motsatana. Lamulo limalola, bola chaka chikamatha mwanayo akalembe mayeso kusukulu ya kumudzi kumene timaimika makalavani nthawi yozizira, kufupi ndi mtsinje wa Po. Ahedi akale, amene anapuma ntchito pa Khirisimasi, ankalandira pepala lililonse bola likhale ndi inki. Atsopanowa anali ena. Kalata yopempha mayeso inayenera kulowa mwezi wa Epulo usanathe. Ikapanda kulowa, kalaliki wa pasukulupo ananena mosapsatira kuti chaka chapita, ndipo Ilenia adzakhalanso m'kalasi yachinayi ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pakati pa tiana tomufika m'khwapa.

Doriana anali atapitako katatu. Ulendo woyamba anamuuza kuti fomu yake inali yakale. Wachiwiri anati palibe mndandanda wa zimene mwana waphunzira. Wachitatu, umene unali dzulo lake, kalaliki anawerenga zonse, n'kugwedeza mutu mokhutira, kenako chala chake chinaima pamzere wopanda kanthu m'munsi mwenimweni.

"Apa asaine bambo a mwana," anatero. "Mawa ndiye tsiku lomaliza, mayi. Mkuja ndi holide."

Tsono bambo a mwana, Nerio, anali ku Pieve Alta kumapiri, ulendo wa maola atatu. Ananyamuka Lolemba ndi lole yonyamula katungwe wa maunyolo. Kumeneko banja lawo, la a Furegato, lili ndi malo oyang'anizana ndi khomo la tchalitchi, pamene aliyense wotuluka ku Misa ya Floriano Woyera amayamba wagundana ndi katungwe wawo asanaone china chilichonse. Malowo anawagwira ndi bambo awo zaka makumi anayi zapitazo. Koma tsiku lomaliza la Epulo, 3 koloko masana, mkulu wa ku khonsolo amabwera ndi choko cholembera malire a malo n'kuitana mayina. Mwini laisensi akapanda kuyankha yekha, malo amapita kwa wotsatira, ndipo sabwereranso. Wotsatirayo anali Argia Trombin, mayi wamasiye wa timagalimoto togundana, amene anakhala akuwayang'ana malowo zaka makumi awiri ngati mphaka pambale ya nsomba.

Doriana atamuimbira foni, Nerio sanaone vuto lililonse.

"Akasaine achimwene, nanga si timatero nthawi zonse? Fotokope ya chiphaso changa ili m'dirowa. Ndiye mwandiimbira nkhani ya mzere umodzi? Ine ndinakula ndi kope la zidindo lomwelo, ndinafa?"

Musawaseke msanga. Kwathu dzanja la mkulu wako ndi dzanja lako. Galdino anamuimirira Nerio ku ofesi ya magetsi kangapo. Nerio anamuimirira Galdino pa ubatizo wa mwana wa msuweni wawo, ndipo wansembe sanadandaule. Nkhope zawo ndi imodzi, mphuno yomweyo, makutu omwewo otambasuka. Chimene chinkawasiyanitsa m'maso mwathu chinali ndevu basi. Zinazo tinali titazolowera moti sitinkazionanso.

M'galimoto Doriana anamuuza mwana wake kuti, "Tikafika uko, awa ndi ababa ako, wamva?"

"Ine sindinena bodza, amayi."

"Palibe wakuti unene bodza. Ungotseka pakamwa."

"Akandifunsa?"

"Ukatsokomole," anatero Galdino. "Ine moyo wanga wonse ndapulumukira chifuwa."

Ahedi, Mayi Bellinazzi, anali munthu wochepa thupi, wa magalasi omangirira kachingwe m'khosi. Pakhomo pa ofesi yawo anali atapachika timbalame ta mapepala topangidwa ndi ana, ndipo Galdino polowa anatigunda tonse ndi mutu. Anapepesa kwa ahedi, n'kupepesanso kwa timbalameto.

"Khalani pansi, bambo ndi mayi Furegato."

"Zikomo, mayi ahedi. Ine monga bambo wa mwanayu, bambo wake weniweni womubereka, ndakondwa kwambiri," anatero Galdino, akusisita mutu wa Ilenia mwamphamvu ngati akupukuta nyali ya lole. Doriana anamuponda phazi pansi pa tebulo.

Ahedi anayamba ndi mndandanda wa maphunziro. Apa ndi pamene Doriana ankaopa kwambiri, chifukwa iye sukulu anaileka ataphunzira zaka zisanu ndi zitatu zokha, ndipo ankadziwa kuti mapepala amafunsa ngati kholo lingathedi kuphunzitsa. Mndandandawo anaulemba pamanja, masamba asanu ndi limodzi, n'kuukopera kawiri kuti musakhale pofufuta.

"Apa mwalemba kuti mitsinje ndi mapiri mwaphunzira pamapu a mumsewu," anatero ahedi.

"Ndi mapu amene tili nawo, mayi. Koma mitsinjeyo tinaiwolokadi. Ndimati tikafika pamlatho, iye atchule dzina lake ndi kumene ukupita."

"Nanga masamu ogawa?"

"Tinayamba mu Okutobala. Poyamba ndinkayamba ndaphunzira ine m'mawa iye akusamba, kuti asandigwire kuti sindikudziwa."

"Ndinkadziwa," anatero Ilenia chapansipansi.

Ahedi anamwetulira. Analemba samu pakapepala n'kumupatsa mwanayo. Ilenia analuma pensulo, anawerengera, n'kubweza pepalalo. Ahedi anachonga. Kenako anatsegula kope la zidindo lija, n'kumatembenuza masamba pang'onopang'ono. Doriana mtima unayamba kukhala pansi. Ankaona kuti mayiyu akumvetsa.

"Ntchito mwaigwira, mayi Furegato. Chatsala ndi mzere wa bambo." Anatenga fotokope ya chiphaso n'kukweza magalasi. Chithunzi chake chinali chakuda bii, choti akanatha kukhala aliyense wa makutu awiri. "Bambo Furegato, mwana wanu anabadwa liti?"

"Nthawi ya chikondwerero cha Martino Woyera," anayankha Galdino mosazengereza. "Chaka chimene jenereta inapsa."

"Tsiku lake?"

"Kunali chifunga."

Ahedi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anayang'ana kamzere koyera ka pamlomo paja, anayang'ana timbalame timene tinali tikugwedezekabe pakhomo, n'kubwereranso papepala. Ziphaso zakale zija za mapepala zimalemba zonse, mtundu wa maso, tsitsi, ngakhale kutalika kwa munthu. Palibe mmodzi wa ife amene anaziwerengapo zimenezo.

"Taimirirani pang'ono, bambo."

Galdino anaimirira, mawondo atapinda.

"Wongokani."

Anawongoka. Mutu unatsala pang'ono kukhudza nyali.

"Apa alemba kuti Nerio Furegato ndi wamtali mita imodzi ndi masentimita 64. Mwakula liti, bambo?"

"Ndi mpweya wa kumapiri, mayi ahedi. Umakoka munthu."

Ilenia anayamba kutsokomola. Anatsokomola mpaka misozi, ndipo palibe akanadziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Galdino anatambasula dzanja kuti atole cholembera, mwina poganiza kuti akangosaina msanga nkhani itha, koma ahedi anachitenga n'kuchiponya m'dirowa.

"Ndithokozeni," anatero, ndipo kumwetulira kunali kutatha. "Mukanalemba chilembo chimodzi chokha pafomuyi, bwenzi pano ndikuimbira apolisi. Simunalembe, ndiye sindinaone kanthu. Ndinu ndani?"

"Galdino, mayi. Mkulu wake. Koma ndi chimodzimodzi."

"Si chimodzimodzi."

Doriana manyazi anamugwira moti analakalaka pansi patatseguka. Anafotokoza zonse, za Pieve Alta, za choko, za Argia Trombin. Mawu ankatuluka mopiringizana. Ahedi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mayi, mukanabwera ndi fomu yosainidwa ndi mwamuna wanu pamodzi ndi fotokopeyi, ndikanalandira popanda funso. Koma mwandibweretsera munthu wina atameta ndevu. Tsopano ndidziwa bwanji kuti bambo a mwanayu akudziwa n'komwe zimene zikuchitika? Alipo abambo ena amene safuna, amayi n'kumachita mobisa, mlandu n'kugwera sukulu. Pepala lililonse limene mungabwere nalo lero sindingalikhulupirire. Ndikufuna ndiwaone ndi maso angawa, asaine pamaso panga. Ndili pano mpaka 5 koloko."

"Akadikira choko sangafike 5 koloko, mayi."

"Ndamva. Koma china chimene ndingachite palibe."

Anatuluka n'kukaima pamene ana amaimika njinga. Nthawi inali itangokwana 10 koloko. Doriana anaimba foni, ndipo mawu a Nerio ankamveka mpaka kumpanda.

"Mwati chiyani? Achimwene alephera kulemba dzina la zilembo zisanu? Ndiye ine ndisiye malo a bambo anga chifukwa mayi wina wa magalasi akufuna kundiyeza msinkhu? Argia wakhazika kale mpando wake pakona apa, akusenda lalanje akundiyang'ana! Auzeni adikire Lolemba!"

"Lolemba ndi Meyi, bambo a Ilenia. Chaka cha mwana chipita."

"Chikapita chibwera china! Zaka zimatha ngati?"

Ilenia anakoka mkono wa amayi ake n'kutenga foni. Sanalire, ndipo mwina akanalira zikanakhala zopepuka.

"Ababa, ndi ine. Musabwere ayi. Malo aja ndi a agogo. Ine ndibwereza, si nkhani. Ndinazolowera kukhala kumbuyo."

Ku Pieve Alta kunkamveka nyundo za anthu omanga, ndi wina akuyesa zokuzira mawu. Nerio ndi munthu woyamba kukalipa, kuganiza pambuyo, koma mawu amenewo anamulowa mpaka m'mafupa. Anadzatiuza yekha patapita nthawi kuti anangoona desiki lakumbuyo, lija amakhazikapo mwana wa akatungwe m'sukulu iliyonse, aphunzitsi n'kumupatsa pepala ndi makrayoni kuti azijambula poti akudutsa chabe. Iye anajambula mahatchi zaka zisanu ndi zitatu. Mpaka lero kalata ya ku khonsolo amamuwerengera ndi mkazi wake, iye n'kumanamizira maso.

"Apatse ankolo ako foniyo," anatero pomaliza.

Galdino anamvetsera, n'kumangoti, "Eya. Eya. Iyayi, mphwanga, imva kaye." Kenako nkhope yake inawala ngati wapeza chinthu chotayika kalekale. Anatseka foni n'kutulutsa makiyi.

"Akubwera. Ndipo ine ndikupita uko. Tikumana pakati, andipatse chipewa chake chofiira chimene onse amamudziwa nacho, ndi jekete. Ndikakhala m'lole osatsika. Munthu atakhala pansi alibe msinkhu."

"Alamu, simunakhaule?" anafunsa Doriana.

"Apa andigwira chifukwa cha sukulu. Anthu a sukulu amawerenga. Wa ku khonsolo uja sawerenga, amangofuna athane nazo akamwe vinyo."

"Nanga Argia?"

"Argia maso anafooka."

"Argia amaona ndalama yachitsulo ili pansi pa lole, alamu."

Koma Galdino anali ataliza kale galimoto. Mayi ndi mwana anatsala pabenchi ya pabwalo la sukulu. Anadya buledi ndi soseji ya salami zimene Doriana anakulunga m'mawa, ndipo kuti nthawi ipite anabwereza mayina a mitsinje yonse yothira mu Po, kuyambira kumapiri mpaka kunyanja. Kalaliki ankasuzumira pawindo pafupipafupi. Ulendo wina anawabweretsera madzi.

Itangodutsa 2 koloko, ana a m'makalasi a pamwamba anayamba kukuwa m'mawindo. Pageti panalowa kagalimoto kapinki ka wogulitsa maswiti, kokhala ndi chiswiti chachikulu cha pulasitiki padenga, kakulira ngati kakufa. Lole sakanaichotsa pamalo paja, ndiye Nerio anabwereka chimene chinalipo. Anatsika atavala jekete la mkulu wake lofika m'mawondo, manja ake osaoneka.

"Musaseke," anatero, akuloza mkazi wake ndi mkono wa jekete wolendewera. "Aliyense woseka abwerera wapansi."

Doriana anaseka mpaka kugwira mpanda. Ilenia anathamanga n'kukamira m'jeketemo.

Nerio analowa mu ofesi osakhudza kambalame ngakhale kamodzi. Ahedi anayang'ana iye, anayang'ana chiphaso chenicheni chimene anaponya patebulo, n'kugwedeza mutu.

"Awa ndiye a 64 aja."

"Ndi nsapato ndimafika 66, mayi."

"Mwana wanu anabadwa liti, bambo Furegato?"

"Nthawi ya Martino Woyera, chaka chimene jenereta inapsa."

Ahedi anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi dzanja. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Nanga mukuseka chiyani? Ndi zoona," anatero Nerio. "Ndinachokera kujeneretako. Ndinamunyamula ndi manja a girisi, anamwino n'kundikalipira kuti ndadetsa thewera la boma. Anali ndi tsitsi lambiri ngati burashi. Tsiku la pakalendala afunseni amayi akewa, ndiwo amasunga manambala."

"Mukudziwa chimene mukusainira?"

Nerio anakanda kumutu. "Dzulo sindinkadziwa, ndisaname. Ndinkangoti ndi zintchito za amayi akewa zosowetsa anthu mtendere. Koma kagalimoto kaja sikathamanga, mayi, ndiye ndakhala ndi nthawi yoganiza. Mwanayu aziphunzira ndi amayi ake, alembe mayeso anuwo, apite kutsogolo. Ndikufuna ineyo. Lembani kuti bambo ake anena okha."

"Mulemba nokha. Pamzere apa."

Anapinda mikono ya jekete katatu, anagwira cholembera ngati sipanala, n'kulemba dzina lake chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja. Palibe anamufulumizitsa. Kalaliki anabwera ndi chidindo, anachipumira mpweya, n'kudinda mwamphamvu mpaka makapu a patebulo analira. Anang'amba kalisiti kotsimikiza kuti kalata yalandiridwa n'kumupatsa Doriana, koma Nerio anakalanda n'kukaika m'thumba la malaya.

Kubwerera kumapiri kunalibenso phindu, nthawi inali itatha. Anawoloka msewu n'kukakhala panja pa kasitolo ka khofi. Nerio anagulira mwana wake ayisikirimu wa mitundu itatu, n'kuika foni patebulo. Ankalankhula za matayala a kagalimoto kapinki, za mtengo wa dizilo, za chilichonse, koma maso anali pafoni. Belu la tchalitchi linagunda katatu. Doriana anagwira dzanja la mwamuna wake pansi pa tebulo, ndipo iye sanalichotse.

Foni inalira patapita mphindi makumi awiri. Galdino safuna zokuzira mawu, onse atatu ankamumva.

"Mphwanga, zinatsala pang'ono! Pang'ono penipeni! Wa ku khonsolo anaitana kuti Furegato Nerio, ine m'lole muja n'kuti ndilipo, chipewa ndatsitsira m'maso. Munthu uja anawerama, choko chinagunda pansi, ndinachimva ndi makutu angawa!"

"Kenako?"

"Kenako mfiti ija, Argia, inadzuka pampando. Akuti atsike! Akuti Nerio ndimamudziwa ali m'thewera, chigongono chake sichinafikepo pawindo la lole imeneyo! Ine ndinati ndadwala mwendo. Akuti timunyamula! Anthu onse anaunjikana, mphwanga, mpaka wansembe. Ndinatsika."

"Mutapinda mawondo?"

"Ndinapinda, koma jekete lako linandipereka. Limathera m'zigongono."

Nerio anatseka maso. "Atiika kuti?"

"Kuseri kwa sikelo ya ng'ombe, pafupi ndi mpanda wa manda. Koma pali mthunzi wabwino. Ndiponso Argia akuti ndikupatse moni."

Nerio anatembenuza foni chafufumimba patebulo. Zinamupweteka, ndipo sitingabise. Pakhomo la tchalitchi lija ndi pamene anaphunzirira kumanga bawuti ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo ake atamugwira dzanja. Kwa kanthawi nkhope yake inakalamba. Ayisikirimu wa Ilenia ankasungunukira m'zala, iye osanyambita.

"Atenga, ababa?"

"Atenga."

"Mpaka liti?"

"Mpaka Argia atamwalira. Ndipo ameneyo samwalira, Mulungu akumuopa."

Doriana anaseka misozi ili m'maso. Ilenia sanaseke.

"Ndinakuuzani kuti musabwere."

"Unandiuza, ndipo ndinamva. Kodi ndi liti pamene ine ndinamverapo munthu?" Anamupukuta zala ndi mkono wa jekete la mkulu wake. "Tamvera, mayi wanga. Malo aja ndinkati ndidzakusiyira iwe, monga anandisiyira bambo anga. Ndinalibe china chokusiyira. Lero ndawagulitsa, ndagula kapepala aka." Anagunda thumba la malaya. "Ndiye usandililire apa ngati ndaluza. Ukakhoze mayesowo, anthu aone kuti Nerio sanapusitsidwe pamsika."

Ilenia anagwedeza mutu, n'kupukuta mphuno.

"Amayi ake, mayesowo alemba liti?"

Doriana anazengereza. "Ahedi akuti pa 12 Juni."

Onse atatu ankadziwa tanthauzo la tsikulo. Ndi tsiku lomanga akatungwe a chikondwerero cha Antonio Woyera, chachikulu kuposa zonse m'chaka chathu, pamene mwamuna aliyense wa miyendo iwiri amakhala pamakwerero kuyambira m'mamawa.

"Ndidzamuperekeza ndekha, musadandaule," anafulumira kunena Doriana.

"Ayi. Katungwe adzamanga achimwene, msinkhu uja ugwireko ntchito." Nerio anaimirira n'kufufuza makiyi a kagalimoto kapinki m'matumba akuya a jekete. "Mwanayu ndidzamuperekeza ndine. Ndidzakhala pabenchi ija mpaka atuluke. Tiyeni, maliza ayisikirimuyo, kumanda akutidikira."